Chimbale Chachiwiri

Tsiku limenelo kunacha ndi chiperoni. Phiri la Michiru silinkaoneka, ndipo nyumba za tsidya lina la msewu zinkangoti mbuu, ngati munthu wazijambula n'kuyambanso kuzifufuta. Mvula yake sinali yothawa. Inkangowaza, n'kumalira pang'onopang'ono padenga la malata. Kumunsi pasiteji, oitanira minibasi ankatchula tauni ndi mawu ozizidwa. Kwa aneba mayi wina ankatsuka mapoto akutsokomola, ndipo kutchalitchi kwathu amayi a kwaya anali atayamba kale kuyeseza, nyimbo n'kumafika modukizadukiza malinga ndi mphepo.

Ndinakhala pampando ndi kapu ya tiyi m'manja, kumvetsera denga. Panali patatha miyezi isanu ndi iwiri akazi anga atatisiya. Kulira kwa malatako kunandikumbutsa mpunga ukamathiridwa pachivundikiro cha poto, ndipo pomwepo ndinakumbukira chimbale chija, n'kukumbukiranso kumene chinapita.

Akazi anga anali telala. Ankasokera pakhonde la nyumba yathu ku Chilomoni, makamaka mayunifolomu a ana asukulu ndi zovala za amayi a mumpingo. Chaka china mayi wina amene ankasoketsa kwa iwo, posamuka m'dziko muno, anawasiyira katoni ya zidutswa za nsalu, mabatani ndi ulusi. Pansi pa katoniyo panali kabokosi ka filimu ya makatuni.

Ife zimbale tinkazidziwa. Za kumsika zimakhala m'kapepala ka pulasitiki, mafilimu ambirimbiri pachimbale chimodzi, ndipo pamwamba pake pamamveka mawu a womasulira amene amathiramo nthabwala zake. Koma kabokosi aka kanali kolimba, kotseguka ngati buku, filimu yake imodzi yokha, zimbale zake ziwiri. Tinaganiza kuti chachiwiricho n'chosungira, choyamba chikadzakandika.

Ine ndinkati makatuni ndi za ana, ndipo ana athu anali atakula kale. Komabe Lamulungu lina masana, titabwerako kutchalitchi magetsi alipo, tinaika chimbale choyamba. Nkhani yake inali ya kamtsikana kamene mphepo inakalanda ambulera ya mayi ake. Kanaitsatira pamwamba pa madenga, kudutsa msika, kuwoloka mtsinje, mpaka kumudzi wina wa m'mitambo kumene zinthu zonse zouluzika ndi mphepo zimakathera: zipewa, makalata, zovala zothawa pachingwe. Mayi ake sankaoneka m'filimu yonseyo. Ankangomveka kamodzi koyambirira, akuitana ali m'nyumba. Chingerezi chake chinali chothamanga, sitinkamva zonse, koma mitundu yake inali yofewa ngati nsalu yochapidwa kambiri. Itatha, akazi anga anati, "Yabwino. Koma diresi la mwanayo lilibe mpendero." Ndinaseka.

Chimbale chachiwiri tinachiika sabata yotsatira, kungofuna kuona ngati chikugwira. Filimu munalibe. Munali anthu amene anaipanga, akulankhula ali m'zipinda zodzaza mapepala. Ndinatenga rimoti kuti ndizimitse, koma akazi anga anandigwira dzanja.

"Dikirani kaye, bambo."

Pakanemapo panali mkulu wina wamagalasi, wa imvi, atapanira mapepala asanu pakati pa zala. Pepala lililonse linali ndi kamtsikana kaja kojambulidwa ndi pensulo. Atayamba kuwatembenuza mofulumira, kamtsikanako kanakweza phazi, n'kuponda, n'kukwezanso lina. Kankayenda m'manja mwa munthu. Akazi anga anasendeza mpando pafupi.

"Uku ndiye kunsi kwa diresi," anatero. "Mukafuna kudziwa telala, musamaone kunja. Muzitembenuza."

Kuyambira tsiku limenelo chimbale choyamba sitinkachigwiranso kwenikweni. Lamulungu masana, magetsi akakhalapo, akazi anga ankafunditsa makina awo nsalu, n'kutulutsa chachiwiricho. Ankachidziwa chonse ngati njira ya kumsika. Munali mayi wina wonenepa amene ankalankhula mawu a kamtsikana kaja, ataimirira kutsogolo kwa chinkuzamawu, akukupiza manja ngati mwana. Munali achinyamata osakaniza utoto, kufuna mtundu wa mtambo umene uli pafupi kugwetsa mvula. Munalinso bambo wina wopanga maphokoso. Mphepo ankaipanga pokweza nsalu pathabwa, ndipo mvula yonse ya m'filimu ija inali mpunga umene iye ankathira pang'onopang'ono pachidutswa cha lata.

Izi akazi anga sanazikhulupirire mpaka ataziyesa. Anapita kukhitchini, n'kubwerako ndi chivundikiro cha poto ndi mpunga wodzaza dzanja.

"Tsinzinani, bambo."

Ndinatsinzina. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo, mwezi wa Okutobala, koma m'nyumba mwathu munagwa mvula. Inayamba ndi madontho owerengeka, n'kulimba, n'kuleka.

"Mwanyowa?" anafunsa.

"Pang'ono. Mpungawo mutole, ndi wa mawa."

Koma chimene ankachikonda kuposa zonse chinali chakumapeto kwa chimbalecho. Opanga filimuwo anaikako kachigawo kamene anakajambula koma n'kukachotsa. Kanalibe utoto, kanalibe mawu, pensulo yokhayokha. Mizere yake inkanjenjemera, ndipo ina yolakwika inkaonekabe, monga choko cha telala chimaonekera pansalu isanachapidwe. M'kachigawo kameneka mayi uja ankaoneka. Ankayenda ndi mwana wake mumvula, ambulera imodzi anthu awiri. Palibe chimene chinkachitika. Ankangoyenda, mpaka kukafika pachitseko.

Ine ndinakaonera kangapo osaonapo kanthu. Tsiku lina akazi anga anaimitsa chithunzi, n'kuloza ndi chala chawo chovala chitsulo chosokera.

"Taonani phewa la mayiyo."

Wojambulayo anali atadetsa phewa limodzi ndi pensulo. Mayiyo ankapendeketsa ambulera kumbali ya mwana, iye n'kumanyowa.

"Ameneyu anajambula mayi ake enieni," anatero akazi anga. "Zoterezi munthu sangazipeke. Nanga anachotseranji?"

Popeza kachigawoko kanalibe mawu, iwo ankakaikira awo. Lamulungu lina mayiyo ankadandaula za mtengo wa tomato, lina ankakalipira mwanayo kuti asaponde m'matope, lina ankangong'ung'udza nyimbo ya kwaya. Ine ndinkakhala pambali, nthawi zina n'kuwodzera, mawu awo n'kumasakanikirana ndi maloto. Zinanditengera nthawi yaitali kuti ndizindikire chifukwa chimene bulauzi yawo inkanyowera mbali imodzi tikamapita kutchalitchi m'dzinja. Sindinawauze kuti ndazindikira. Ndinkangoyesa kubweza ambulera ndi chigongono, iwo n'kuibwezanso.

Anadwala miyezi itatu. Za kuchipatala sindilemba pano.

Patatha milungu ingapo titaika maliro, abale awo anabwera kudzandisudzula ndi kugawa katundu wa malemu, monga mwa mwambo wathu. Pa tsiku lotere mwamuna wofedwa salankhula. Amakhala pamphasa, ankhoswe n'kumalankhula m'malo mwake. Anthuwo anandichitira ulemu, sindinganame. Nyumba ndi za m'nyumba sanazikhudze. Anatenga zovala, zitenje, mbale zina, ndipo makina osokera anapatsidwa kwa mng'ono wawo wa akazi anga, alamu anga a ku Machinjiri, amene nawonso amasoka pang'ono. Ndinaona amuna awiri akunyamula makinawo kutsika nawo pakhonde. M'kadirowa ka makinawo, pamodzi ndi choko ndi tepi yoyezera, ndi mmene akazi anga ankasunga kabokosi kaja, katakulungidwa m'kansalu kobiriwira. Sindikudziwa ngati ndinakumbukira pa nthawiyo. Mwina ndinakumbukira koma pakamwa panalemera. Kanema ndinamufunditsa nsalu, ndipo miyezi yonseyo sindinamuyatse.

Ndiye m'mawa wa chiperoni uja ndinavala jekete, n'kutenga ambulera, n'kukwera minibasi ya m'tauni, kenako ya ku Machinjiri. Magalasi a minibasiyo anali ndi nthunzi. Njira yonse ndinkaona mayi wa pensulo uja akuyenda m'mbali mwa msewu, kudutsa ogulitsa makala ndi mbatata, osafulumira. Zimene ndinkafuna zinali zochepa: kukhala pampando wanga Lamulungu masana, kuika chimbale chachiwiri, n'kumva ngati mawu a akazi anga akadali m'kachigawo kopanda mawu kaja.

Alamu anandilandira bwino. Amuna awo, amene timaitanana kuti achimwene, ndi munthu wanthabwala, woyendetsa lole wopuma ntchito. Anandipatsa mpando pafupi ndi mbaula, tinafunsana za ana ndi za mumpingo. Makina aja anali pakona, ndipo ndinayesetsa kusawayang'ana. Tiyi atatha ndinanena chimene ndinabwerera.

"Kabokosi ka katuni kaja?" anatero alamu. "Kalipo, alamu. Adzukulu akabwera amaonera. Mwana wa ambulera uja amamukonda."

Analowa kuchipinda n'kubwera nako, kali m'kansalu kake kobiriwira. Ndinamasula kansaluko n'kutsegula kabokosiko. Chimbale choyamba chinalimo. Malo a chachiwiri anali opanda kanthu.

"Chinacho chili kuti?"

"Chakufa chija?" anayankha achimwene. "Chija n'chosapsa, achimwene, sanachikope bwino. Anakuberani amene anakugulitsaniwo. Tinachiika kawiri konse. Muli azungu okhaokha akungolongolola, katuni yake yopanda utoto, mawu osatuluka. Ndinachipukuta ndi sipiriti, ndi mankhwala otsukira mano omwe, koma ayi."

"Ndiye munachitaya?"

"Kutaya? Kuno sititaya kanthu. Tachilemba ntchito. Bwerani mudzaone."

Ananditengera kuseri kwa nyumba. Kumeneko ali ndi kamunda, ndipo chaka chimenecho anadzala mizere iwiri ya mapira m'mbali mwa nandolo. Mapirawo anali atacha, ngala zake zitawerama ndi madzi. Pamwamba pa mzere uliwonse panadutsa chingwe, ndipo pachingwe chilichonse panalendewera theka la chimbale.

"Chinali chimodzi, mizere iwiri," anatero achimwene monyadira. "Ndinangochidula ndi chikwanje, n'kuboola ndi msomali wamoto. Mpheta za kuno n'zozindikira, mapepala a shuga siziwaopa. Koma ichi cha kunja, zikangochiona kung'anima, zimakadya kwa aneba."

Anaseka, n'kudikira kuti nanenso ndiseke.

Ndinaima pamenepo. Chiperoni chinali chitayamba kupepuka, ndipo kuwala kofooka kunkadutsa m'nkhungu. Mapande awiriwo ankazungulira pang'onopang'ono pazingwe zawo. Akatembenuka ankaponya timitundu pamasamba onyowa, kobiriwira, kofiirira, kenako n'kuzima. Siliva wake anali atayamba kusupuka m'mphepete. Ndinaganiza za mkulu wamagalasi uja ndi mapepala ake, za bambo wa mpunga, za mayi ndi mwana wake, onse ali mmenemo, miyezi iwiri akuzungulira padzuwa ndi pamvula, theka uku theka uko. Ndinadzifunsa kuti kodi chikwanje chinadutsa pati. Linali funso lopusa, koma ndi limene linabwera.

Alamu anali ataima pakhomo la khitchini. Iwo ndi amene anayamba kuona nkhope yanga.

"Alamu, chinali chabwino?"

"Chinali chabwino."

"Chija chinali chosawonongeka?"

"Ndi mmene anachipangira. Achemwali anu ankakonda chimenecho."

Achimwene anavula chipewa, n'kuchivalanso. Anayamba kumasula chingwe, koma ndinawauza kuti asiye mpaka mapira akololedwe. Sindinanene zimenezi chifukwa cha mtima wabwino. Sindinkafuna kugwira mapandewo ndi manja anga. Alamu anandikakamiza kuti ndidikire chakudya, ndinakana mwaulemu. Anandiperekeza mpaka pamsewu, kabokosi kali m'thumba la jekete yanga.

Ine si munthu wokalipa, ndipo anthu amaganiza kuti wosakalipa sasunga mkwiyo. Ndinausunga. Ndinkadziwa bwino kuti iwo sanalakwe mwadala. Munthu amene moyo wake wonse waona zimbale za kumsika angadziwe bwanji kuti pali chimbale chimene anachipanga dala chopanda filimu? Ndinkadziwanso kuti pa tsiku logawa katundu ndikanatha kunong'oneza ankhoswe anga mawu awiri okha. Zonsezi ndinkazidziwa m'mutu. Koma m'mawa uliwonse popemphera, ndikafika pa mawu okhudza kukhululukira anzathu, lilime linkachedwa. Ndinkawatchula ndithu, koma ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala yoterera.

Mwana wanga wamkazi, amene amakhala ku Zingwangwa, atamva nkhaniyi anazungulira m'malo okopera mafilimu ku Ndirande ndi ku Limbe. Filimuyo anaipeza mosavuta, ina ili ndi womasulira amene kamtsikana kaja anakasandutsa wogulitsa mandasi wothawa apolisi a mumzinda. Koma za chimbale chachiwiri palibe amene ankazidziwa. Wina anamufunsa kuti, "Anthu akujambula? Ndiye muzionera chiyani pamenepo, asisi?" Ndinamuuza kuti asavutikenso.

Lamulungu lina ndinavundukula kanema n'kuika chimbale choyamba. Ndinaonera ndekha mpaka pamene kachigawo kaja kanayenera kukhala, mphepo isanalande ambulera. Pamenepo ndinaimitsa, n'kutsinzina. Mayi uja anabwera. Mizere yake inkanjenjemera monga kale, phewa lake lakuda. Koma sanalankhule. Ndinadikira nthawi yaitali, mpaka magetsi anazima okha.

Mu Ogasiti, kunja kukuwomba mphepo ya fumbi, ndinamva odi pakhomo. Anali alamu ndi achimwene. Alamu anasenza kathumba, ndipo achimwene anavala jekete ya kutchalitchi ngakhale linali Lachinayi. Atakhala pansi, alamu anaika kathumbako patsogolo panga.

"Mapira aja, alamu. Takolola. Mbalame sizinadye."

"Tinati tisadye tokha," anawonjezera achimwene, akuyang'ana pansi. "Mlonda wake anali wanu."

Anati ayambe kupepesa mwadongosolo, monga anakonzera m'njira, koma mawu anawathawa. Alamu ndi amene analankhula.

"Ine achemwali sanandiuzepo za chimbalecho. Ndimasokera makina awo tsiku lililonse, koma sindikudziwa chimene ankaonamo. Tatiuzani, alamu. Munali chiyani?"

Palibe amene anali atandifunsapo funso limeneli. Ndinayamba monyinyirika, ndi mkulu wamagalasi ndi mapepala ake. Ndinanena za kunsi kwa diresi, ndipo alamu anaseka misozi ili m'maso.

"Amenewo ndi iwowo. Diresi langa laukwati analitembenuza pamaso pa telala, mwini wake ali pomwepo."

Nditafika pa bambo wa mpunga, achimwene anapukusa mutu.

"Apo ndiye mwawonjezera, achimwene. Mvula yonse ija mpunga?"

Ndinapita kukhitchini n'kutenga chivundikiro chomwe chija. Mpunga m'nyumba munalibe, choncho ndinamasula kathumba kawo n'kutapa mapira.

"Tsinzinani."

Anatsinzina onse awiri, anthu akuluakulu, manja ali pamaondo. Ndinayamba kuthira. Mapira salira ngati mpunga. Njere zake n'zozungulira, zimadumpha, ndipo mvula yake ndi ya madontho akuluakulu, ngati yoyamba ya mu Novembala imene imabwera ndi fungo la dothi. Ndinathira pang'onopang'ono kuti isathe msanga. Ili mkati mogwa ndinayamba kuwafotokozera za kachigawo ka pensulo, mayi ndi mwana, ambulera imodzi, ndi phewa lija.

Alamu, adakali chitsinzinire, anati, "Amayi athu ankatero. Ife tinalibe ambulera, linali tsamba la nthochi. Achemwali ankakhala kumanja, ine kumanzere, amayi pakati mutu uli pamtunda." Kenako anasintha mawu, n'kulankhula monga mayi wokalipira mwana: "Iwe, usaponde m'matopemo, sopo wake ali kuti?"

Mawu a anthu obadwa mimba imodzi amafanana pena, makamaka akamakalipa mosakwiya. Dzanja langa linaima m'mwamba, mapira n'kutha okha.

Kenako achimwene anatsegula diso limodzi, n'kufunsa ngati mvula yakata kuti atole mapira, nkhuku za aneba zisanamve. Tinagwada tonse atatu n'kumatola njere pansi pa mipando.

Chimbale chija sichinabwerere, ndipo sindinachionenso kwina kulikonse. Mapande ake achimwene anabwera nawo m'thumba la jekete, atawakulunga m'nyuzipepala, ndipo ali m'kabokosi kawo, m'kansalu kobiriwira. Chaka ndi chaka nkhope ya mkulu wamagalasi uja ikunka nizilala m'mutu mwanga, koma phewa lija likadalipo.

Madzulo a tsiku limenelo ndinawaperekeza kusiteji dzuwa lisanalowe. M'mawa mwake ndinagwada kupemphera monga mwa masiku onse, ndipo nditafika pa mawu aja lilime silinachedwe. Ndinawakhululukira.